Momwe mungachitire kuti MySQL izipereka yokha manambala pa tebulo lakale

Ku kalabu yathu ya alimi a thonje ku Ngabu, manambala a mamembala tinkachita kulemba pamanja mu tebulo lotchedwa alimi la mu MySQL, pulogalamu yosungiramo zolemba pa kompyuta. Mlembi akadwala, womugwirizira ankangoyambira pomwe waganiza. Zinanditopetsa.

Musanakhudze kalikonse, sungani kaye kope la tebulo lanu ndi mysqldump, chida cha MySQL chokoperera zomwe mwasunga. Koma musaliike pa flash zotchipa zija za pamsika zolembedwa 64GB. Ine ndinagula ina ku Nchalo, mafayilo ankaoneka kuti alowa, koma powatsegula munalibe kanthu.

Ngati tebulo lanu lilibe column ya nambala komanso lilibe PRIMARY KEY (column yosiyanitsa mzere uliwonse ndi unzake), ntchito ndi yochepa:

ALTER TABLE alimi ADD COLUMN id INT NOT NULL AUTO_INCREMENT PRIMARY KEY FIRST;

Mizere yonse yakale ilandira manambala kuyambira 1. Dziwani kuti AUTO_INCREMENT, yomwe imachititsa MySQL kupereka yokha manambala, imaloledwa pa column imodzi yokha m'tebulo, ndipo column imeneyo iyenera kukhala key.

Kwa ine column ya nambala inalipo kale ngati PRIMARY KEY, ndipo manambalawo ali pa malisiti amene alimi amasunga kunyumba, moti sindikanawasintha. Ndinalemba:

ALTER TABLE alimi MODIFY nambala INT NOT NULL AUTO_INCREMENT;

Inakana. Error 1062, akuti duplicate entry '1'. Ndinayang'ana, wa nambala 1 analipo mmodzi yekha, agogo ena amene anayambitsa nawo kalabuyi. Ndinabwereza kangapo, laputopu ikutentha pamiyendo ngati chiwaya, kunja nako dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Madzulo ndi pomwe ndinaona mzere wa pamwamba penipeni: mayi wina anabwera wopanda khadi, mlembi n'kungomulembera 0. Pamenepa ndi pomwe panagona nkhani. MySQL ikapeza 0 posintha column kukhala AUTO_INCREMENT, imaona ngati mzerewo ukufuna nambala yatsopano. Inawapatsa mayiwo 1, n'kugundana ndi agogo aja.

Choncho yambani mwafufuza ndi WHERE nambala = 0. Mukampeza, onani nambala yaikulu ndi SELECT MAX(nambala). Yathu inali 412, ndiye ndinalemba:

UPDATE alimi SET nambala = 413 WHERE nambala = 0;

Bwerezani ALTER ya MODIFY ija, ipita bwinobwino. Mayiwo ndinachita kukawauza nambala yatsopano pa msonkhano.

Zotsalazo n'zapafupi. Mukafuna atsopano ayambire pa 1000, lembani ALTER TABLE alimi AUTO_INCREMENT = 1000. Pa INSERT, polowetsa membala watsopano, musaikenso nambala. Mukafufuta munthu pakatikati, mpata wake umatsala choncho, ingousiyani.