Sitovu ya induction ku kampu: dziwani mphamvu ya magetsi musanateleke poto

Chilimwe cha ku Britain n'chachifupi, ndipo dzuwa likangowala mabanja ambiri a kwathu amanyamula ana kukagona m'matenti ku Lake District, ku Cornwall kapena m'mbali mwa Loch Lomond. Chimene chimavuta ndi kaphikidwe, poti munthu wozolowera nsima sangathe masiku atatu akungodya buledi. Kasitovu kamagetsi kopanda lawi kotchedwa induction, monga TILLREDA ya ku sitolo ya IKEA, kamathandiza kwambiri, bola mudziwe kuchuluka kwa magetsi amene mwapatsidwa.

Masitovu ambiri onyamulika amakoka mawati 2,000 mukawatsegula mpaka kumapeto. Pamalo ogona alendo, chipilala cha magetsi chimapereka ma amp (muyeso wa magetsi amene mungakoke) 16, 10 kapena 6. Pa magetsi a 230V, ma amp 16 ndi mawati pafupifupi 3,600, ma amp 10 ndi 2,300, ndipo ma amp 6 ndi 1,400 basi. Pa ma amp 10, sitovu yokha yatenga kale pafupifupi zonse. Wina akayatsa ketulo ya kunyumba ija ya mawati 3,000, breaker (swichi yodula magetsi mukakoka ochuluka) imagwa, phala n'kusiya kuwira, ndipo m'malo ena mumayenera kukaitana woyang'anira kuti adzatsegule bokosi. Choncho funsani za ma amp pamene mukusungitsa malo, makamaka ngati mukuwolokera ku France kumene ma amp 6 ndi 10 ngofala. Akakhala ochepa, tsitsani sitovu ifike pa mawati 1,000 kapena 1,200. Madzi adzachedwerako kuwira, koma nsima ipsa bwinobwino.

Chingwe chikhale chopangidwira ku kampu, chokhala ndi pulagi yabuluu ndi RCD yodula magetsi pakachitika vuto. Chitambasuleni chonse, chifukwa chokulungika chimatentha. Ekisitenshoni ya m'nyumba isiyeni kunyumba.

Nkhani ya campervan (galimoto yogonamo) yoima kopanda chipilala ndi ina. Apa mukudalira batire ya 12V ndi inverter (yosintha magetsi a batire kukhala a 230V), imene iyenera kukhala ya mtundu wa pure sine wave. Sitovu ya mawati 2,000 imakoka ma amp opitirira 160 kuchokera mu batire yotere, ndiye pamafunika mawaya onenepa, fyuzi yoyenera komanso munthu wodziwa ntchito yake. Batire ya lithium ya 100Ah imasunga ma watt-hour pafupifupi 1,280, ndipo kuphika kwa mphindi 20 pa mawati 1,000 kumadya choposa kota ya mphamvuzo. Mabatire ambiri a 100Ah amadzizimitsa okha mukakoka ma amp opitirira 100, pamene batire yakale ya asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka. Ineyo ndimaona kuti amene alibe batire yaikulu ndi sola padenga asachotse gasi m'galimoto. Nyemba zouma phikiranitu kunyumba, kumeneko muzikangotenthetsa.

Tsopano poto. Induction simatentha yokha, imatenthetsa chitsulo cha poto kudzera mu mphamvu ya maginito. Tengani kamaginito kapafiriji mukaike kunsi kwa poto. Kakamata, potoyo ndi woyenera. Mapoto a aluminiyamu amene ambiri tinabwera nawo kuchokera kumudzi sagwira ntchito pano, ngakhale atakhala okondedwa chotani. Sankhani wosalala pansi ndi wokhuthala, chifukwa wopyapyala amapsereza nsima pakati, m'mbali isanapse. Povundula, tsitsani mphamvu, gwirani chogwirira cha poto mwamphamvu, ndipo musamenyetse mthiko, poti pansipo ndi galasi.

Ikani sitovu patebulo lolimba, pouma, osati pa udzu, kuti fani ya kunsi izipeza mpweya. Mvula ya kuno sichenjeza, choncho phikirani pansi pa khonde la tenti. Ngati m'banjamo muli agogo kapena wina aliyense amene ali ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino), bungwe la British Heart Foundation limalangiza kuti atalikirane ndi sitovu yotere ndi masentimita 60.

Chimene ndimaikondera kwambiri n'chakuti ilibe lawi, mphepo siizimitsa, ndipo situlutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndipo wapha anthu m'matenti kuno. Ngati mwatenganso mbaula yowotchera nyama, abale anga, isalowe mu tenti kapena m'galimoto, ngakhale makala akuoneka ngati azima.