Kukoka kanema bwino m'fulati popanda kukwera padenga

Amene timakhala m'mafulati muno mu Lilongwe tili ndi vuto lomwe anzathu a nyumba zapansi salidziwa. Iwo TV ikayamba kuduladula amangopeza nsungwi yaitali, kumangirira eriyo kunsonga, kuimika pambali pa nyumba, nkhani yatha. Ife denga si lathu. Landilodi safuna kuona msomali pakhoma lake, ndipo pamwamba pathu pali simenti ndi zitsulo za nyumba ya munthu wina. Ine ndimakhala ku Area 18, pansanjika yapakati, mawindo onse ali ndi zitsulo zotchinga akuba, koma MBC, Times, Zodiak ndi Mibawa ndimaonera osadukiza. Ndalama zomwe zinapitapo n'zochepa, ndipo zambiri zinali za chingwe.

Ndinene poyambirira: musathamangire kugula booster, kabokosi kokweza mphamvu ya signal. Mukafika kwa ogulitsa zamagetsi ku Old Town n'kuwauza kuti TV ikuduladula, ambiri amatulutsa kabokosi kameneka, kapena eriyo ya pulasitiki yonyezimira yolembedwa makilomita ambirimbiri pakatoni. Nawonso akufuna kudya, sitingawadzudzule. Koma m'fulati zomwe zimapha chithunzi kawirikawiri ndi malo amene mwaika eriyo komanso chingwe chochokera ku eriyoyo. Mukakonza ziwirizi mwina booster simudzaikumbukiranso.

Yambani mwatsimikiza kuti chipangizo chanu n'choyenera kuno. Mayiko a mu Africa ndi ku Ulaya anagwirizana ku Geneva mu 2006, pansi pa bungwe loona za mauthenga padziko lonse la ITU, kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasamukira ku kanema wa digito. Malawi inatenga njira ya digito yotchedwa DVB-T2, ndipo Malawi Digital Broadcast Network Limited, eni ake a Kiliye Kiliye, ndi amene amanyamula matchanelo a m'dziko muno n'kuwamwaza kudzera pansanja zawo. GOtv nayo imabwera pa eriyo, osati pa dishi, choncho zomwe ndikunena pano zikukhudzanso a GOtv. Ngati mulibe dikoda ndipo mukudalira TV yokha, yang'anani kumbuyo kwake kapena m'kabuku kake ngati palembedwa DVB-T2. T yopanda 2 sigwira. TV yochokera ku Japan kapena ku America siingakoke kanthu ngakhale eriyo mutakaiika pamwamba pa Kang'ombe House, chifukwa kumeneko amagwiritsa ntchito njira zina, ISDB-T ndi ATSC. Yoteroyo ingoipezerani dikoda. Tchanelo ikalemba kuti Scrambled, eriyo ilibe mlandu. Signal yafika, koma tchaneloyo n'njotseka, nkhani yake ndi ya malipiro kapena dikoda yoyenera.

Amene tinaonera TVM itangoyamba mu 1999 timakumbukira kuti signal ikachepa chithunzi chinkangochita timadontho, koma mpira unkaoneka ndithu, wosewera n'kumamuzindikira. Ya digito ilibe zapakatikati. Chithunzi chimakhala choyera bwinobwino mpaka signal itatsika kufika pamlingo wina wake, kenako timabokosi, mawu kudukaduka, basi No Signal. N'chifukwa chake kuzungulitsa eriyo mukuyang'ana chithunzi kumanamiza. Chikhoza kuoneka bwino Lachiwiri masana koma muli m'mphepete mwenimweni, n'kudzazima Loweruka Silver Strikers ikumenya penate.

Gwiritsani ntchito manambala. Pa rimoti dinani Menu, mupite pa Installation kapena Manual Search. Mupeza mizere iwiri, Strength ndi Quality. Strength imangonena kuchuluka kwa zomwe zikulowa pachingwe, zabwino ndi phokoso lomwe. Quality ndiyo imanena ngati dikoda ikutha kuwerenga zomwe zafikazo, ndiye diso lanu likhale pamenepo. Manambalawa amasiyana dikoda ndi dikoda. Pa yanga ikatsika pansi pa 50 timabokosi timayamba, choncho ndimafuna izikhala cha m'ma 70 kupita m'mwamba, kuti mvula ikabwera pakhale potsikira.

Tsopano tulukani panja muone ma eriyo a aneba amene ali pamadenga. Kumene ambiri aloza ndiko kuli nsanja yotumiza signal, ndipo mbali ya eriyo yomwe ili ndi tizitsulo tifupitifupi ndiyo kutsogolo. Onaninso ngati tizitsuloto tagona chopingasa kapena taima chilili, yanunso mukaiike chimodzimodzi, chifukwa eriyo yoikidwa mosemphana imataya signal yambiri zedi. A GOtv muyang'ane ma eriyo a GOtv anzanu, pakuti nsanja sizikhala pamodzi nthawi zonse. Pobwerera m'nyumba mwadziwa windo kapena khonde loyang'ana mbali imeneyo. Kaya ndi la kukhitchini, kaya la kuchipinda kwa ana, eriyo ipite kumeneko, TV iitsatire ndi chingwe.

Apa ndi pomwe pamafunika mtima wodekha. Matchanelo a digito amayenda pa mafunde otchedwa UHF, pakati pa 470 ndi 694 MHz, ndipo funde limodzi la signal yotereyi n'lotalika pafupifupi theka la mita. Likalowa m'nyumba limagunda makoma, firiji, malata a aneba, n'kubwerera kudzakumana ndi linzake. Pena amathandizana, pena amaphana. Zotsatira zake n'zakuti pawindo limodzimodzilo pali malo abwino ndi malo akufa, otalikirana masentimita 15 kapena 20 okha. Ndiye musamangozungulitsa eriyo ili pamalo amodzi. Isuntheni chikhatho chimodzi nthawi iliyonse, kumanzere, kumanja, m'mwamba, pansi. Mukasuntha chotsani dzanja, bwererani m'mbuyo, dikirani masekondi angapo, chifukwa thupi lanu limasokoneza signal ndipo manambala amachedwa kusintha. Ntchitoyi imakoma muli awiri, wina ku eriyo, wina pa TV akuwerenga mokweza. Kwathu wowerenga ndi mwana wanga wamkazi, amene amakuwa manambala mpaka aneba kusuzumira kuti tikugulitsa chiyani.

Malo abwino kwathu ali pakona ya m'mwamba ya windo la kukhitchini, pamwamba pa sinki, eriyo itapendekeka pang'ono kuloza khoma la fulati yoyandikana nafe. Signal yomwe timaonera n'njonjanja pakhoma limenelo, siichokera kunsanja mwachindunji. Ngati mawindo anu onse afulatira nsanja, yesani kuloza nyumba yaikulu iliyonse yomwe mukuiona musanataye mtima. Malowo mukawapeza lembanipo ndi pensulo kapena matanipo tepi, pakuti tsiku lopukuta mawindo wina adzaisuntha. Kenako panganinso Auto Search. Matchanelo angapo amayendera pa frequency imodzi, ndiye imodzi ikagwira amabwera chigulu.

Waya wotchinga udzudzu, ngati ndi wachitsulo, amatsekereza signal pafupifupi yonse. Wa pulasitiki alibe vuto. Zitsulo zotchinga akuba zimadula pang'ono kapena kwambiri malinga ndi kuthinana kwake, ndipo eriyo ikatuluka kunja kwa zitsulozo, ngakhale ndi zikhatho ziwiri zokha, Quality imakwera mooneka. Kuboola khoma sikufunika. Tengani mtengo wa tsache kapena paipi ya pulasitiki, muimange ku zitsulo ndi malegeni, eriyo kunsonga, osakhudza chitsulo chilichonse. A m'mafulati apansi muganizireko za anyamata oyenda usiku.

Amene muli ndi khonde la m'mwamba muli ndi mwayi. Thirani mchenga ndi miyala m'chidebe cha penti cha malita 20, zikani paipi pakati, mumangepo eriyo yapanja, ija ya tizitsulo tambiri. Palibe msomali, landilodi alibe chonena, ndipo posamuka mumangonyamula. Eriyo yapanjayo imagwira ngakhale m'nyumba, pamwamba pa kabati moloza windo. Amayi a m'nyumba angaikane poyamba chifukwa siioneka bwino pabalaza, koma imaposa kutali tija tapulasitiki tokongola. Ngati muli ndi ya nyanga ziwiri ndi kamkombero pakati, nyangazo n'za mafunde ena otchedwa VHF, osati UHF, chomwe chikukukokerani ndi kamkomberoko. Ikani thireyi yachitsulo kapena katoni yokutidwa ndi foil kumbuyo kwake, motalikira masentimita 12 mpaka 15, mbali yofulatira nsanja. Imabwezera signal ku eriyo.

Pachingwe ndi pomwe anthu ambiri amaluzira. Gulani cholembedwa RG6, 75 ohm, osati chopyapyala chija chobwera ndi eriyo zotchipa. Musanalipire pemphani wogulitsa asende kunsonga. Pakati pali waya mmodzi, kenako choyera chofewa, kenako foil ndi tiwaya toluka. Tiwayato tikakhala towerengeka ndi maso, chisiyeni. Yezani mtunda musanachoke pakhomo, mugule chokwanira basi, chifukwa mita iliyonse imadya signal, ndipo pa RG6 mamita 15 mpaka 20 amadya pafupifupi theka. Chikhale chimodzi kuchokera ku eriyo mpaka ku dikoda. Zolumikiza zidutswa popotokola mawaya n'kukulunga ndi selotepi apa sizigwira.

Poika kamutu kakunsonga, F connector, sendani chikopa chakunja pang'ono, pindirani tiwaya toluka m'mbuyo, sendaninso choyeracho kusiyako pang'ono, ndipo potokolerani kamutuko mpaka choyera chifike pabowo la mkati. Waya wapakati atuluke mamilimita 2 kapena 3. Mukatero unikani ndi tochi ya foni muyang'anitsitse. Kawaya kamodzi kokha ka toluka tija kakakhudza waya wapakati, signal yonse yathera pomwepo. Aneba akandiitana kuti "achimwene, tabwerani mutionereko TV yafa", nthawi zambiri ndimapeza zimenezi, kapena kamutu kochita dzimbiri.

Polowetsa chingwe m'nyumba dutsitsani pa timabowo ta mpweya ta pamwamba pa windo. Musachipane ndi felemu yachitsulo, chikafinyika chimataya signal ngakhale osaduka. Panja chisiyeni chilendewere pang'ono chisanalowe, kuti madzi a mvula azidontha pansi m'malo motsatira chingwe mpaka ku dikoda. Splitter yogawira ma TV awiri imapatsa iliyonse zosakwana theka, ndiye ichotseni kaye mpaka TV imodzi itakhazikika.

Pali vuto lina lobwera ndi nthawi yake. Ngati chithunzi chimaduka madzulo okhaokha, kapena magetsi akathima inu n'kuyatsa inveta, kayikirani zipangizo za m'nyumba momwemo. Matchaja a foni otchipa, mababu ena a LED ndi inveta zimatulutsa phokoso lomwe eriyo ya m'nyumba imatola. Zimitsani chimodzichimodzi mukuyang'ana Quality, ndipo chikapezeka chitalikitseni ndi eriyo. Amene windo lanu layang'anizana ndi nsanja ya mafoni, 4G ina imayenda pa 700 ndi 800 MHz, moyandikana ndi TV. Kasefa kotchinga 4G, ka LTE, koikidwa pachingwe kamathandiza.

Nanga booster ija? Ili ngati chimkuzamawu cha pamsonkhano: wolankhula akamang'ung'udza pakati pa phokoso, chimakuza zonse, mawu ndi phokoso lomwe. Imathandiza pamene Quality ili bwino ndi chingwe chachifupi koma n'kutsika mukaika chachitali kapena splitter. Pamenepo iikeni pafupi ndi eriyo, osati kumbuyo kwa TV. Ngati Strength ili pamwamba koma Quality ili pansi, booster ingowonjezera vuto, ndipo kwa amene ali pafupi ndi nsanja imatha kudzaza dikoda mpaka kuzimitsa matchanelo omwe ankaoneka. Amene muli nayo kale yesani kuichotsa muone. Eriyo zina zili ndi booster mkati yofuna 5V kuchokera ku dikoda, ndipo popanda kuyatsa Antenna Power pa Menu sizikoka. Pa eriyo wamba Antenna Power ikhale yozimitsa.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo mitengo imakhala ndi masamba ambiri, ndipo masamba onyowa amamwa signal. Malo amene munapeza mu Seputembala angafune kusunthidwa pang'ono mu Januwale. Mabingu akayamba zulani pulagi ndi chingwe cha eriyo chomwe, makamaka ngati eriyo ili panja.

Zonsezi zikakanika, monga zimachitikira kwa ena okhala pansi m'malo otsika a m'mbali mwa Lingadzi, chatsala ndi kukweza eriyo, ndipo apa mufunika aneba. Eriyo imodzi yabwino padenga, yokhala ndi amplifier yogawira nyumba zingapo, imakwanira fulati yonse. Kwa landilodi musapite nokha. Pitani muli angapo, mtengo mutawerengera kale, mukawauze kuti, "Bambo, eriyo ikhala imodzi yokha, timanga ndi zomangira pa chitsulo chomwe chilipo kale, malata sitiboola, ndipo tikadzasamuka itsala." Okwera padenga akhale mmisiri, ndipo mumuuze aike waya wa earth kuchokera pa paipi ya eriyo kupita pansi chifukwa cha ziphaliwali.