Musanagule manambala omata pa madesiki

Ngati mukumata manambala pa madesiki kuyambira 1 mpaka 100, musagule mongoyerekeza. Werengani malo aliwonse paokha.

Tengani 7. Kumapeto kwa nambala amapezeka ka 10: 7, 17, 27 mpaka 97. Pamalo a makumi amapezekanso ka 10, kuyambira 70 mpaka 79. Ndiye mufunika ma 7 okwana 20. Ambiri amapeza 19 chifukwa pa 77 amawerenga kamodzi, chonsecho pamafunika awiri.

Kuyambira 2 mpaka 9, iliyonse gulani 20. Ma 1 ndi 21, chifukwa cha 100. Ziro gulani 11 basi, poti sitilemba 05 kapena 08. Onse pamodzi ndi 192.

Ma 6 akakutherani, tembenuzani 9, bola kalembedwe kake kalole.