Kudikira yankho la yunivesite ya ku Britain pamene zotsatira muli nazo kale

Ngati munalemba kale mayeso a A-level (omaliza sekondale m'maphunziro a ku Britain) ndipo zotsatira zili m'manja, musayembekezere kuti mayunivesite onse a ku Britain akuyankhani mwachangu chifukwa choti magiredi anu akudziwika. Ena amayankha pakangotha masabata ochepa, ndipo amatha kukupatsani malo popanda china choti mukwaniritse, koma kumene anthu amalimbirana malo kwambiri amadikira tsiku la mu Januwale limene UCAS (bungwe lolandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain) imatsekera kuti ayeze mafomu onse pamodzi, moti yankho likhoza kufika ngakhale mu Meyi. Oxford ndi Cambridge, kumene amatseka kulandira mafomu pa 15 Okutobala, amayankha mu Januwale. Chonde muziona imelo yanu pafupipafupi, ndipo akapempha masatifiketi tumizani tsiku lomwelo, chifukwa pepala limodzi losowa limaimitsa fomu yonse.