Kasinthidwe ka timing ya RAM ya DDR4 mu BIOS

Musanayambe, khalani ndi MemTest86 (pulogalamu yoyesera ngati RAM ili ndi vuto) pa flash komanso manambala olembedwa pa RAM yanu, monga 16-18-18-36. Manambalawa ndiwo timing, kutanthauza nthawi yomwe RAM imadikira pogwira ntchito, ndipo mayina awo motsatana ndi CL, tRCD, tRP ndi tRAS.

1. Yatsani kompyuta, dinani Del kapena F2 mulowe mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yosinthira momwe zipangizo za kompyuta zimagwirira ntchito.
2. Yatsani XMP, yomwe imaika yokha liwiro ndi timing zomwe opanga RAM anakonzeratu. Kwa ambiri izi n'zokwanira.
3. Mukafuna kutsitsa pamanja, tsitsani nambala imodzi yokha, ndi 1. Onetsetsani kuti tRC (nambala ina ya timing yomwe muipeze mu BIOS) isachepere tRAS kuphatikiza tRP, pa chitsanzo chathuchi ndi 54. Ambiri amalakwitsa pano: amatsitsa zonse nthawi imodzi, kompyuta n'kukana kuyaka, osadziwanso nambala yomwe yavuta. Zikatero, zimitsani magetsi, chotsani batire la CMOS (batire laling'ono lozungulira la pa motherboard) kwa mphindi zingapo, mulibwezere.
4. Sungani ndi F10.
5. Yesani ndi MemTest86. Ikapeza vuto ngakhale limodzi, bwezerani nambala ija.