Momwe mphunzitsi wa pakoleji angafufuzire kalasi yake yomwe

Ambirife tikamva mawu akuti kafukufuku timaganiza za galimoto ya pulojekiti ndi ndalama za mabungwe akunja. Koma ulipo kafukufuku wina wongofuna kope ndi cholembera, ndipo mphunzitsi aliyense wa pakoleji kuno kuchigwa cha Shire, kaya amaphunzitsa anamwino kaya aphunzitsi a mawa, angauyambe Lolemba likubwerali. Chofufuzidwacho ndi kaphunzitsidwe kanu komwe.

Yambani ndi funso limodzi laling'ono. Kunena kuti "ana a masiku ano ndi aulesi" ndi dandaulo chabe, simungalifufuze. Funso lenileni ndi longa ili: bwanji kalasi ya 2 koloko masana ikulephera mayeso pamene ya m'mawa ikukhoza, chikhalirecho mphunzitsi ndi mmodzi? Amene anakhalapo ku Ngabu kapena ku Nchalo mu Okutobala, kutentha kutadutsa madigiri 40, malata akuthetheka pamutu, ayankha msanga kuti ndi dzuwa. Yankholo lisungeni kaye m'thumba.

Chachiwiri, dziwitsani mkulu wa dipatimenti yanu, ndipo ophunzirawo muwauze poyera zimene mukuchita, kuti wokana asaope kudulidwa malikisi. Ngati mukufuna kudzasindikiza zotsatira, pezani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku musanayambe. M'dziko muno ntchito imeneyi imayang'aniridwa ndi bungwe la boma loona za sayansi la National Commission for Science and Technology.

Tsopano musanasinthe kanthu, lembani mmene zinthu zilili: malikisi a mayeso apitawa, ndi masiku amene anthu amajomba kwambiri. Kenako pakubwera mbali imene ine ndimaikhulupirira koposa zonse. Kukatsala mphindi zisanu kuti muweruke, gawani timapepala, aliyense alembe chimodzi chimene wamva ndi chimodzi chimene chamusokoneza. Asalembe dzina. Aloleni alembe m'Chisena, m'Chimang'anja, m'chilichonse chimene chabwera, pakuti mukawakakamiza Chingerezi angolemba kuti zonse zili bwino.

Ine nditayesa koyamba ndinali nditaweruza kale kuti vuto ndi dzuwa. Nditakhala pakhonde madzulo n'kumatambasula timapepala tija, tina titanyowa ndi thukuta, za kutentha zinalipo ndithu koma zochepa. Ambiri ankadandaula liwiro langa. Kena kanalembedwa ndi pensulo: "Aphunzitsi, mawu aja mwawatchula kasanu koma simunatiuze tanthauzo lake." Ndinachita manyazi. Masana ndinkakhala nditatopa, ndiye ndinkangothamangitsa manotsi kuti ndikapume.

Mukapeza pamene pali vuto, sinthani chinthu chimodzi chokha. Mukasintha nthawi ya phunziro, kakhalidwe ka m'magulu ndi mabuku nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chathandiza. Ine ndinangoyamba kuima pakatha mphindi 15 zilizonse, n'kuuza awiriawiri kuti afotokozerane m'chilankhulo chawo zimene ndangonena. Chitani zimenezo masabata anayi kapena asanu, timapepala tija tikupitirira.

Samalani ndi nyengo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi kuno sikudalirika: namondwe wa Ana anabwera mu Januwale 2022, wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo misewu inaduka, sukulu zambiri n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Kalasi ikachepa chifukwa Shire kapena Ruo wasefukira, malikisi a mwezi umenewo sanena chilichonse za kaphunzitsidwe kanu. Choncho m'kope muja muzilembamonso tsiku limene magetsi anazima, limene kunali maliro, limene theka la kalasi linagona ndi malungo.

Pomaliza perekani mayeso olimba mofanana ndi oyamba aja, muyerekeze. Zikapanda kusintha, lembani choncho. Osakometsera manambala kuti musangalatse abwana. Zimene mwapeza zikwane tsamba limodzi, mukaziwerenge pamsonkhano wa aphunzitsi, ndipo mupemphe mnzanu mmodzi akayese m'kalasi mwake. Ngati muli ndi mnzanu ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kapena ya LUANAR, mutumizireni pa WhatsApp akuuzeni pamene mwaphonya.

Timapepala tija musatitaye. Timangeni m'jumbo, mulembepo deti, mupachike pamwamba pomwe chiswe ndi madzi sizingafike. Funso la temu yamawa nthawi zambiri limakhala lili momwemo kale.