Mmene mungadandaulire wayilesi ya kanema ikasokoneza nthawi ya sewero la mizukwa yoyamwa magazi

Masewero a pa kanema onena za mizukwa yoyamwa magazi amavutitsa anthu okonza ndandanda ya mapulogalamu kuposa masewero ena ambiri. Amene amawakonda kwambiri ndi achinyamata, choncho eni wayilesi amafuna kuwaonetsa madzulo ana ataweruka kusukulu, koma nkhani zake zimakhala za magazi, imfa ndi chikondi cha akuluakulu, zomwe malamulo a mayiko ambiri salola kuti zionetsedwe ana akadali maso. Mapeto ake seweroli limadulidwadulidwa, limasunthidwa tsiku, kapena limasowa kwa milungu ingapo popanda kufotokoza chifukwa. Oonera a ku Britain ndi ku America akhala akulimbana ndi zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo zomwe anapambana ndi zomwe analephera zimasonyeza bwino njira yomwe munthu wodandaula ayenera kutsata ngati akufunadi kuti amumvere.

Musanalembe chilichonse, dziwani kuti chakukhumudwitsani kwenikweni n'chiyani. Kudula zithunzi zina m'sewero ndi nkhani ina, kulisuntha ola ndi nkhani inanso, ndipo kuliimitsa kwa kanthawi n'kosiyana kwambiri ndi kulithetseratu. Chilichonse mwa izi chili ndi mwini wake mkati mwa wayilesi, komanso mwayi woti chisinthe si wofanana. Kalata yomwe imangonena kuti wayilesi ikunyoza oonera siipatsa woiwerenga chochita, pamene kalata yonena kuti gawo lakutilakuti linadulidwa mpaka nkhani yake sinamvekenso imakhala ndi kopita.

Mukatero, fufuzani lamulo lomwe lamanga manja a wayilesiyo. Ku Britain, wayilesi zoonera ulere sizimaloledwa kuonetsa zinthu zosayenera ana nthawi isanakwane 9 koloko usiku, ndipo malire amenewa amabwereranso 5:30 m'mawa. Wodandaula amene sakudziwa lamuloli amapempha zosatheka. Iye amati sewero lionetsedwe lonse lathunthu 6 koloko madzulo, ndipo wayilesi imamuyankha mwachidule kuti malamulo sakulola, nkhani n'kuthera pomwepo.

Apa ndi pamene nkhani ya Buffy the Vampire Slayer imathandiza kwambiri. Seweroli linayamba ku America pa wayilesi ya The WB pa 10 Malichi 1997, ndipo linatha mu Meyi 2003 litakwanitsa magawo 144. Ku Britain linayamba kuonetsedwa pa Sky One, yomwe inali yolipira, kenaka BBC Two inalitenga kumapeto kwa 1998 n'kumalionetsa kawirikawiri Lachinayi nthawi ya 6:45 madzulo. Pofuna kuti ligwirizane ndi ola limenelo, a BBC ankachotsa ndewu zina, mawu ena ndi zithunzi zoopsa, moti amene anali ataonera kale pa Sky ankazindikira msanga pomwe padutsa lumo. Oonera anadandaula, ndipo chomwe chinatuluka chinali chanzeru: BBC inasunga ola la madzulo la sewero lodulidwa, koma inapereka ola lachiwiri la usiku kwambiri, nthawi zambiri Lachisanu, lomwe inkabwerezera gawo lomwelo losadulidwa. Wayilesi sinaphwanye lamulo lililonse, sinataye ana omwe ankaonera madzulo, ndipo sinagule pulogalamu ina yatsopano, pakuti usiku wotero ndi nthawi yomwe wayilesi zimasowa choonetsa kale ndi kale.

Ine ndikuona kuti pempho lotere ndilo liyenera kukhala mtima wa kalata iliyonse. Musamapemphe wayilesi kuti ivomere kuti inalakwa, chifukwa mabungwe akuluakulu savomera msanga, ndipo ngakhale atavomera inu simupindula kanthu. Ipatseni njira yotulukira yomwe siiwonongera ndalama kapena ulemu. Mutha kupempha kubwereza kwa usiku, kapena kuti gawo lathunthu liikidwe pa intaneti pomwe makolo angatseke ndi nambala yachinsinsi, kapenanso kuti wolengeza azinena poyambirira kuti seweroli ladulidwa. Pempho lomaliza limeneli anthu amalipeputsa, komabe limathandiza kwambiri, popeza woonera wodziwa kuti akuona sewero loperewera sangaimbe mlandu olemba nkhaniyo chifukwa cha mipata yomwe sanaipange iwo.

Nkhani ya Angel, sewero lomwe linaphukira pa Buffy mu 1999, ikuonetsa mbali ina yomwe odandaula ambiri amaiiwala. Wayilesi ya Channel 4 ya ku Britain inaligula n'kuliika 6 koloko madzulo m'chaka cha 2000, ngakhale kuti linali lamdima ndi lankhanza kuposa Buffy. Analidula kwambiri, komabe madandaulo anabwera kuchokera mbali ziwiri. Okonda seweroli ankati lawonongedwa, pamene makolo ankati ngakhale zotsalazo zinali zoopsa kwa ana pa ola limenelo. Pambuyo pake wayilesiyo inalisunthira usiku. Magulu awiriwa ankaoneka ngati adani, koma onse ankanena chinthu chimodzi, chakuti sewero laikidwa pa nthawi yolakwika. Choncho polemba kalata yanu musanyoze makolo odandaula kapena kuwatcha amantha. Lembani momveka kuti mukugwirizana nawo kuti ana asaone zimenezi, ndipo kuti njira yotetezera ana komanso kulemekeza akuluakulu ndi kusuntha ola. Wayilesi ikaona kuti sitepe imodzi ikhoza kukhazika mtima pansi magulu onse awiri, siivutika kuitenga.

Nkhawa ya makolo si yongopeka, ndipo ife tili ndi chifukwa chathu choiganizira mozama. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a kummwera kwa Malawi, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha mphekeserazo. Kumalo komwe nkhani yoyamwa magazi inasiya maliro enieni, kholo lomwe likufunsa kuti sewero lotere likuonetsedwa nthawi yanji liyenera kuyankhidwa mwaulemu.

Tsopano sonkhanitsani umboni. Lembani dzina la wayilesi, tsiku, ola lomwe linalengezedwa ndi ola lomwe seweroli linayambadi, dzina kapena nambala ya gawo, komanso chomwe chinachitika. Ngati nkhani ndi ya kudula, yerekezani ndi gawo lathunthu la pa DVD kapena pa malo ovomerezeka a pa intaneti, ndipo tchulani malo awiri kapena atatu pomwe kudulako kunasokoneza nkhani, monga pamene munthu akuoneka wamoyo kenaka anzake akumulira popanda woonera kudziwa chomwe chamupha. Ngati nkhani ndi ya kusuntha tsiku, sungani ndandanda ya milungu ingapo kuti muonetse kuti vutoli ndi lobwerezabwereza. Kalata ikhale yaifupi, ya mawu anuanu, yokhala ndi dzina lanu lenileni. Makalata mazana ofanana mawu onse, okopedwa pa tsamba limodzi, savuta kuwaona ngati dandaulo limodzi, pamene makalata makumi awiri osiyana, aliyense akufotokoza momwe nyumba yake imaonera, amaonetsa kuti kuseri kwake kuli anthu.

Dandaulo liyeneranso kugogoda pa khomo loyenera. Ku Britain bungwe loyang'anira za kuulutsa ndi Ofcom, lomwe linalowa m'malo mwa mabungwe akale kumapeto kwa 2003, ndipo limayembekezera kuti dandaulo lifike pasanathe masiku 20 ogwira ntchito chionetsereni pulogalamuyo. Za mapulogalamu a BBC zimayambira ku BBC komweko, pasanathe masiku 30 ogwira ntchito, ndipo munthu amapita ku Ofcom ngati sanakhutire ndi yankho lomaliza. Koma dziwani kuti bungwe lotere limaweruza ngati lamulo laphwanyidwa, monga kuonetsa zoopsa ana ali maso. Silingalamule wayilesi kuti ibwezeretse sewero Lachinayi kapena kuti isalidule. Zimenezo ndi za eni wayilesi, choncho zitumizeni ku ofesi yawo yolandira maganizo a oonera. Mabungwe otere aliponso kwina: amene ali ku South Africa ali ndi BCCSA, ku Zambia kuli IBA, ndipo ku Malawi kuli MACRA, koma kulikonseko n'kwanzeru kuyamba mwalembera wayilesi yomwe inaonetsa pulogalamuyo ndi kusunga yankho lake.

Pali nthawi zina pomwe sewero limaimitsidwa chifukwa cha tsoka lomwe lagwera dziko, ndipo apa pamafunika kudekha. Pa 20 Epulo 1999 ophunzira awiri anapha anzawo ndi mphunzitsi pa sukulu ya Columbine ku Colorado, ku America. Gawo la Buffy lotchedwa Earshot, lomwe linali ndi wophunzira atanyamula mfuti pasukulu, linayenera kuonetsedwa patangotha mlungu umodzi, ndipo The WB inaliimitsa mpaka pa 21 Seputembala. Ochepa okha ndi amene akanatsutsa zimenezo. Mkwiyo unabuka pamene wayilesiyo inaimitsanso gawo lotsekera chaka chachitatu cha seweroli, lomwe linayenera kuonetsedwa pa 25 Meyi, itaonetsa kale theka loyamba la nkhaniyo. Ku Canada gawolo linaonetsedwa pa nthawi yake, ndipo matepi ake anayamba kuyenda m'manja mwa oonera a ku America mpaka The WB inalionetsa pa 13 Julayi. Zikatere, musalimbane ndi wayilesi pa funso lakuti kuimitsako kunali koyenera kapena ayi, pakuti mudzaoneka ngati mukuika sewero patsogolo pa anamfedwa. Funsani tsiku. Pempho lakuti wayilesi ilengeze tsiku lenileni lomwe gawolo lidzaonetsedwe ndi laulemu, ndi losavuta kuyankha, komanso limachotsa chifukwa chomwe anthu amathamangira ku makope akuba, omwe saonjezera kanthu pa chiwerengero cha oonera chomwe sewero limadalira kuti lipitirire.

Kuimitsa kotereku kumapha sewero latsopano mosavuta. Dark Shadows, nkhani inanso ya mizukwa yoyamwa magazi yomwe wayilesi ya NBC ya ku America inaitsitsimutsa mu Januwale 1991, inayamba masiku ochepa nkhondo ya ku Gulf isanabuke, ndipo magawo ake ankasunthidwa kapena kudukizidwa ndi nkhani za nkhondoyo, mpaka inatha itangokwanitsa magawo 12. Dark Shadows yoyambirira, ya pa wayilesi ya ABC kuyambira mu 1966 mpaka mu 1971, inaonetsa mbali yabwino ya nkhani yomweyi. Inkaonetsedwa masana, ndipo pamene inabwezeretsedwa pa 4 koloko mu 1968 kuchoka pa 3:30, ana a sukulu ankatha kuipeza akathamangira kunyumba, moti zaka zomwe zinatsatira ndizo zinali za chikoka chake chachikulu. Theka la ola lokha limatha kusintha mtundu wa anthu okhala patsogolo pa kanema, choncho kudandaula za ola si kudandaula za chinthu chaching'ono.

Chovuta kwambiri kuchibweza ndi chigamulo chothetsa sewero. The WB italengeza mu Febuluwale 2004 kuti Angel itha, oonera anasonkha ndalama zolipirira zotsatsa m'nyuzipepala za makampani a mafilimu, anayendetsa galimoto yonyamula chikwangwani mu Los Angeles, ndipo ena anapereka magazi m'dzina la seweroli, komabe gawo lomaliza linaonetsedwa mu Meyi chaka chomwecho. Okonda Moonlight, sewero linanso la mizukwa yotere la pa wayilesi ya CBS lomwe linayamba mu 2007 n'kudukizidwa ndi sitiraka ya olemba masewero, nawonso anakonza zopereka magazi mogwirizana ndi Red Cross, ndipo seweroli linali litapata mphoto ya People's Choice kumayambiriro kwa 2008, koma linathetsedwa litakwanitsa magawo 16 okha. Magazi omwe anaperekedwawo anathandiza odwala, ndipo chimenecho n'chinthu cholemekezeka pachokha. Koma chigamulo chikamalengezedwa, nthawi zambiri wayilesi imakhala itayamba kale kukonza ndandanda ya chaka chotsatira.

N'chifukwa chake nthawi yabwino yolembera ndi pamene zizindikiro zangoyamba kuoneka: sewero likasunthidwa tsiku kachiwiri, likasowa milungu iwiri popanda chilengezo, kapena wayilesi ikasiya kulitsatsa. Pa nthawi imeneyo uzani anzanu ola latsopano kuti asaganize kuti seweroli latha, onerani kudzera m'njira zomwe wayilesi imatha kuwerenga, ndipo lembani kalata yanu yonena za vuto limodzi ndi pempho limodzi. Ngati yankho lachedwa kapena labwera losakhudza zomwe munafunsa, lembaninso mutatchula tsiku la kalata yoyamba ndi nambala yomwe anakupatsani, ndipo mufunse mwachindunji ngati kubwereza kwa usiku kapena tsiku lokhazikika zili zotheka m'ndandanda ya miyezi ikubwerayo.